Bungwe la RSPB: Nkhondo Imene Inayambira pa Chipewa

Cha m'ma 1880, mayi wa ku London wofuna kuti anzake amuone kuti ndi wa pamwamba sankatuluka m'nyumba mutu uli pamtunda, ndipo chipewa chopanda nthenga sichinkawerengedwa n'komwe. Kwa ena nthenga zokha zinkachepa. Ankasokerera mapiko athunthu, mitu, mwinanso mbalame yonse youmitsa, ya maso agalasi. Ku New York, katswiri wa mbalame Frank Chapman anayenda m'misewu ya masitolo mu 1886 akuwerenga zipewa za amayi. Pa zipewa 700, zoposa 500 zinali ndi nthenga, ndipo nthengazo zinali za mitundu ya mbalame yokwana 40.

Msika waukulu wa malondawa unali ku London, ku Mincing Lane, kumene nthenga zinkafika m'mabokosi kuchokera ku India, ku South America, ku New Guinea ndi kwina, n'kumagulitsidwa pa okushoni. Zokwera mtengo kwambiri zinali za akakowa, moti nthawi ina ukaziika pasikelo zinkapikisana ndi golide. Koma nthenga zofunidwazo, zazitali ndi zofewa za pamsana, zimamera pa nyengo yoswana yokha. Choncho mlenje ankadikira kuti akakowa amange zisa ndi kuswa, podziwa kuti kholo lokhala ndi ana silithawira kutali. Akaombera makolo n'kusosola za pamsanazo, mitembo ankaisiya pomwepo, ana n'kumafera m'zisa ndi njala. Ku Britain komweko, mbalame ya m'madzi yotchedwa great crested grebe inasakidwa chifukwa cha nthenga zake zosalala za pachifuwa, mpaka cha m'ma 1860 mabanja ake anatsala ngati 50 basi.

Akatswiri a mbalame analipo, ndipo anali ndi bungwe lawo, British Ornithologists' Union, lomwe linayamba mu 1858. Koma linali la abambo okhaokha, ndipo ambiri mwa iwo ankaphunzira mbalame ndi mfuti, kudzaza makabati ndi zikopa ndi mazira. Mayi Emily Williamson a ku Didsbury, kufupi ndi Manchester, atawapempha kuti achitepo kanthu pa malonda a nthenga, palibe chinachitika. Ndiye mu 1889 anaitana amayi anzawo kunyumba kwawo kuti adzamwe tiyi, n'kuwapempha kuti alonjeze kusiya kuvala nthenga. Bungwe la Society for the Protection of Birds linabadwira pa tiyi ameneyo. Chaka chomwecho ku Croydon, kumwera kwa London, Mayi Eliza Phillips anali atayambitsa gulu lawo la Fur, Fin and Feather Folk, ndipo m'gululo munali mtsikana wolimba mutu dzina lake Etta Smith, amene atakwatiwa mu 1892 anadzatchedwa Mayi Lemon. Magulu awiriwa anaphatikizana mu 1891, ofesi n'kukhala ku London.

Malamulo awo anali awiri okha. Membala aliyense aziletsa kupha mbalame mwachisawawa, ndipo membala wamkazi asavale nthenga za mbalame imene sinaphedwe kuti idyedwe. Nthiwatiwa yokha anaisiya pambali, popeza nthenga zake zinkachokera m'mafamu a ku South Africa, makamaka ku Oudtshoorn, kumene ankazidula mbalameyo ili moyo. Ndalama yolowera inali mapeni awiri, kuti ngakhale wantchito wa m'nyumba akwanitse. Pulezidenti anali Duchess of Portland, Winifred, amene anakhala pampandowo kuyambira 1891 mpaka imfa yake mu 1954. Dzina lakelo linkatsegula zitseko za anthu akuluakulu. Koma amene ankasenza ntchito ya tsiku ndi tsiku anali Mayi Lemon.

Mayi ameneyu ndi wofunika kumudziwa bwino, chifukwa khalidwe la bungweli m'zaka zake 50 zoyambirira linali khalidwe lake. Ali mtsikana, ankati akakhala m'tchalitchi Lamulungu, maso ali pa zipewa, akulemba mayina a amayi ovala nthenga. Sabata isanathe aliyense wa iwo ankalandira kalata yomufotokozera mmene mbalame ya pamutu pakeyo inafera. Anthu ankamuopa, ndipo iye sizinkamudandaulitsa. Chodabwitsa n'chakuti mayi yemweyu, amene ankatsogolera amayi pokankha aphungu a nyumba ya malamulo, ankakana kwamtuwagalu kuti amayi apatsidwe ufulu wovota, ndipo anali m'gulu lotsutsa ufuluwo. Mtsogoleri wa amayi omenyera voti, Emmeline Pankhurst, ankakonda zipewa za nthenga. Wina angakonde kuti amayi awiriwa akhale mbali imodzi kuti nkhani ikome, koma sanali.

Mu 1899 Mfumukazi Victoria inavomereza kuti magulu ena a asilikali asiye kuvala nthenga za akakowa. Mu 1904 bungweli linalandira chikalata cha ufumu, n'kuyamba kutchedwa Royal Society for the Protection of Birds, mwachidule RSPB. Chikalatacho chinabwera ndi mtengo wake. Pofuna kusakhumudwitsa eni minda ikuluikulu, amene ambiri anali okonda kusaka, kuphatikizapo mwamuna wa pulezidenti yemweyo, munalembedwa kuti bungweli silidzalowerera pa nkhani ya masewera osaka ovomerezeka. Mawu amenewo akulivutitsabe mpaka lero.

Chimene ankafuna kwenikweni chinali lamulo loletsa kulowetsa nthenga m'dziko. Bilu yoyamba inapita ku nyumba ya malamulo mu 1908, ndi Lord Avebury, n'kufera m'njira. Zina zinatsatira, nazo n'kufa. Amalonda ankati lamulolo lichotsa ntchito anthu osauka, ndipo sankanama kotheratu, chifukwa amene ankatsuka, kudaya ndi kupiringiza nthengazo anali amayi ndi atsikana a kum'mawa kwa London, olipidwa pang'ono zedi, opuma fumbi tsiku lonse. Ankafalitsanso bodza lakuti nthenga za akakowa amangozitola pansi zitathothoka zokha. RSPB inayankha ndi zithunzi zimene Arthur Mattingley anajambula ku Australia, zosonyeza akakowa ophedwa ndi ana awo akufa pang'onopang'ono m'zisa. Mu 1911 analemba ganyu abambo oti aziyenda m'misewu ya masitolo odula atakolekera zithunzizo kutsogolo ndi kumbuyo. Bilu ya mu 1920 italephera, mtolankhani H. W. Massingham anaimba mlandu amayi onse, ndipo wolemba Virginia Woolf anamubwezera ndi mfundo yovuta kuitsutsa: oombera mbalamezo ndi abambo, ogulitsa ndi abambo, ndiponso aphungu amene ankajomba kuti chiwerengero cha komiti chisakwane anali abambo.

Lamulo linadutsa mu 1921, n'kuyamba kugwira ntchito mu April 1922, patapita zaka zoposa 30 chiyambire. Kunena chilungamo, pofika nthawiyo malondawo anali atayamba kale kufooka. America inali italetsa kulowetsa nthenga mu 1913. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inapangitsa kuti kudzikongoletsa kwambiri kuoneke ngati chipongwe. Amayi anayamba kumeta tsitsi lalifupi ndi kuvala tizipewa tothina, komanso chipewa chachikulu sichinkakwana m'galimoto. Komabe amene anachititsa kuti nthenga pamutu ikhale chinthu chamanyazi anali amayi a bungweli, ndipo manyaziwo anagwira ntchito lamulo lisanabwere.

Nkhondo ya nthenga itatha, bungweli linakhala ngati lasowa chochita. Linali litayamba kale kulemba alonda oyang'anira zisa za mbalame zosowa, poyamba ku Loch Leven ku Scotland mu 1901, kuti akuba mazira asafikeko. Mu 1913 linayamba kumanga timitengo toteramo kuzungulira nsanja zounikira sitima za panyanja, popeza mbalame zouluka usiku zinkazungulira kuwalako mpaka kugwa ndi kutopa. Kenaka linayamba kugula malo. Oyamba anali Cheyne Court, dambo la ku Romney Marsh ku Kent, mu 1930. Zimene zinachitikira malowa n'zofunika kuzikumbukira. Alimi oyandikana nawo anakumba ngalande n'kuumitsa minda yawo, madzi a m'dambolo anatsika nawo, mbalame zinachoka, ndipo mu 1950 RSPB inagulitsa malowo. Mpanda unalipo, alonda analipo, palibe anaombera mbalame ngakhale imodzi, koma dambo linafa.

Mayi Lemon sanagwirizane ndi achinyamata amene ankalowa m'bungweli ndi nzeru za sayansi. Kuveka mbalame mphete kumwendo, kuwerenga zisa, kujambula zithunzi pafupi ndi chisa, zonsezi kwa iwo kunali kuzunza mbalame. Amuna awo, Frank Lemon, amene anali mlembi wa bungweli, atamwalira mu 1935, otsutsa anapeza mpata. Nyuzipepala ya The Field inadzudzula utsogoleri kuti wakalamba, komiti inafufuza, ndipo mu 1939 mayiwo anatsitsidwa pa udindo, ali ndi zaka pafupifupi 80. Anamwalira mu 1953. Pa nkhani ya mphete ndi kuwerenga, achinyamata aja ndi amene ankalondola, chifukwa popanda ziwerengero sibwenzi bungweli litatha kutsimikizira boma chilichonse m'zaka zotsatira. Koma mmene anawaiwalira amayi oyambitsawo ndi zochititsa manyazi. Kwa zaka zambiri mbiri ya RSPB inkatchula kwambiri abambo ngati wolemba W. H. Hudson, mpaka Tessa Boase anafukula nkhani ya amayiwa m'buku lake la mu 2018. Mu 2021 ndi pamene anasankha wosema, Eve Shepherd, woti apange chipilala cha Mayi Williamson ku Fletcher Moss, paki imene muli nyumba yawo ija.

Mwayi waukulu wa bungweli unabwera ndi nkhondo yachiwiri. Poopa kuti asilikali a Germany angakochezere m'mbali mwa nyanja ku Suffolk, boma linasefukiritsa dala madzi m'minda ya ku Minsmere. Bango linamera, zithaphwi zinabadwa. Pachilumba cha Havergate, chapafupi pomwepo, bomba losochera la asilikali ophunzira kuombera linaononga chitseko cha madzi, nyanja n'kulowa. Mu 1947 kunapezeka kuti avocet, mbalame yakuda ndi yoyera, ya miyendo yaitali ndi mlomo wopindikira m'mwamba, yaikira mazira m'malo awiri onsewa, patapita zaka zoposa 100 isakuswana ku Britain. RSPB inapangana ndi eni malo a Minsmere chaka chomwecho, n'kugula Havergate mu 1948. Ku Havergate mdani woyamba anali makoswe, amene anadya mazira ndi ana, ndipo anafunika kuthana nawo kaye. Mbalame imeneyi ndi imene ili pa chizindikiro cha bungweli.

Ku Minsmere n'kumene anaphunzira kuti kuteteza malo sikungowatchinga n'kuwasiya. Bango likasiyidwa limauma n'kusanduka tchire, tchire n'kusanduka nkhalango, mbalame za m'madzi n'kuthawa. Bert Axell, amene anakhala woyang'anira malowa mu 1959, anabweretsa katapila n'kukumba dziwe losaya lokhala ndi tizilumba ta miyala, ndi timipata tolowetsera madzi a mchere ndi ozizira monga mmene mbalame zikufunira. Njirayi inatengedwa m'mayiko ambiri. Patapita zaka, luso lomweli la kusamala bango ndi madzi linapulumutsa bittern, mbalame yobisala m'bango imene tambala wake amalira mokhuthala ngati munthu akuuzira m'botolo. Mu 1997 atambala olira anawerengedwa 11 okha m'dziko lonse. Lero apitirira 200.

Nkhani imene inasintha bungweli kwambiri inachitikira ku Scotland. Osprey, mbalame yogwira nsomba ndi zikhadabo, inali itasiya kuswana ku Britain cha mu 1916 chifukwa cha mfuti ndi akuba mazira. Mu 1954 banja limodzi linabwerera ku Loch Garten. RSPB inachita monga mwa chizolowezi chake, kubisa malo ndi kuika alonda usana ndi usiku. Sizinathandize. Mu 1958 wakuba anakwera mtengo usiku alonda ali pomwepo, mazira n'kusweka, iye n'kuthawira mumdima. Chaka chotsatira George Waterston, amene ankatsogolera ntchitoyi, anachita zimene anzake ankaziona ngati misala. Ana ataswedwa, analengeza pawailesi ndi m'nyuzipepala kumene kuli chisa, n'kuitana aliyense kuti abwere adzaone pa makina oonera patali. M'masabata ochepa kunafika anthu 14,000. Waterston anazindikira kuti mbalame imene anthu aiona ndi maso awo imakhala ndi eni ake ambiri, ndipo wakuba amasanduka mdani wa dziko lonse. Kuyambira pamenepo RSPB inaleka kukhala kagulu ka anthu ochepa odziwana. Mamembala anali 10,000 mu 1960, anakwana 100,000 mu 1972, ndipo mu 1997 anafika miliyoni imodzi. Likulu linasamukira ku The Lodge, ku Sandy m'chigawo cha Bedfordshire, mu 1961. Mu 1979, mothandizana ndi pulogalamu ya ana ya pa BBC ya Blue Peter, anapempha ana kuti awerenge mbalame za pakhomo pawo kwa ola limodzi, ndipo kuwerenga kumeneko kumachitikabe chaka chilichonse mu January, tsopano ndi akuluakulu omwe.

M'zaka zomwezo kunaoneka mdani wa mtundu wina. Cha mu 1960 ndi 1961 anthu ankatola mbalame zakufa miyandamiyanda m'minda ya tirigu, nkhandwe nazo zikufa. Gwero lake linali mankhwala opaka mbewu, aldrin, dieldrin ndi heptachlor. Njiwa ikadya mbewu, kabawi n'kudya njiwayo, poizoni ankaunjikana mwa kabawi. RSPB ndi British Trust for Ornithology anasonkhanitsa mitembo ndi umboni, ndipo kuyambira 1962 mankhwalawa anayamba kuchepetsedwa pa mbewu zofesa nyengo yachisanu ikatha. Mu 1967 Derek Ratcliffe, katswiri wa boma, anasonyeza kuti zikamba za mazira a mbalame zolusa zinayamba kupyapyala pamene mankhwala ena ophera tizilombo, DDT, anafika, moti mazira ankasweka make akuwafungatira. Chaka chomwecho sitima ya Torrey Canyon inasweka pafupi ndi Cornwall, mafuta ake n'kupha mbalame za panyanja zikwizikwi. Apa panalibe munthu wankhanza woti umulembere kalata. Mlimi ankangotsatira zimene alangizi amuuza.

Pobweza mbalame zimene zinatha, bungweli lili ndi mbiri yonyaditsa. Red kite, wachibale wa kamtema, anali atatsala mabanja owerengeka m'mapiri a ku Wales. Kuyambira 1989 RSPB ndi nthambi ya boma yoona zachilengedwe anabweretsa ana kuchokera ku Sweden ndi ku Spain n'kuwamasula ku Scotland ndi ku mapiri a Chilterns. Lero munthu woyenda pa msewu wa London kupita ku Oxford amawaona akuzungulira m'mwamba osawerengeka, ndipo mu 2022 Britain inayamba kutumiza ana ku Spain, kumene tsopano achepa.

Vuto ndi lakuti pamene mbalame zosowa zinkabwerera, mbalame wamba zinkatha, ndipo zikuthabe. Kafukufuku wa British Trust for Ornithology wa mu 2023 anapeza kuti Britain ili ndi mbalame 73 miliyoni zochepa poyerekeza ndi 1970. Za m'minda zatsika ndi theka n'kupitirira. Zifukwa zake ndi za ulimi wa masiku onse. Kale alimi ankakolola n'kusiya ziputu m'munda nyengo yonse yachisanu, mbalame n'kumatola njere zotsalira. Tsopano amalima pompo n'kufesa tirigu wina, amene pofika nthawi yoswana amakhala atatalika ndi kuthithikana moti mbalame zoikira pansi zimasowa potera. Mipanda ya zitsamba inazulidwa kuti mathirakitala aakulu azitembenuka bwino. Mankhwala anapha udzu umene unkabala njere, ndi tizilombo timene ana a mbalame amadya. Udzu wa ng'ombe umadulidwa msanga, kawiri kapena katatu, zisa zili momwemo. Malo a RSPB, ngakhale aposa 200, ndi kagawo kochepa kwambiri ka dzikolo, pamene minda imatenga magawo pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi. Ndi nkhani ya Cheyne Court ija, koma tsopano dziko lonse.

Atatopa ndi kuuzidwa kuti sadziwa za ulimi, mu 2000 anagula famu yawo ku Knapwell m'chigawo cha Cambridgeshire, n'kuitcha Hope Farm, kuti azilima mwamalonda ngati wina aliyense. Zimene anayesa n'zazing'ono. Pofesa tirigu, woyendetsa thirakitala amatseka makina kwa kamphindi kuti patsale kabwalo kopanda mbewu, mamita anayi uku ndi uku, poti mbalame ya skylark izitera ndi kufuna chakudya. M'mphepete mwa munda amasiyamo maluwa ndi mbewu zoti mbalame zidye m'nyengo yachisanu. Mbalame za pafamupo zinachuluka kuposa kawiri, famu ikupangabe phindu. Koma kuti alimi ena atsatire pamafunika kuti boma liziwalipira pa kagawo kamene asiya, ndipo ndondomeko za malipirowo zakhala zikusinthasintha chichokereni Britain mu European Union. Mlimi sangaike munda wake pa lonjezo limene lingasinthe ndi nduna yotsatira.

Mawu a m'chikalata cha 1904 aja amaonekera kwambiri m'mapiri a kumpoto, kumene anthu olemera amalipira ndalama zambiri kuti aombere red grouse, mbalame yonga nkhwali, kuyambira pa 12 August chaka chilichonse. Kuti mbalamezi zichuluke, alonda ena a malowa amapha mbalame zolusa, ngakhale kutero n'koletsedwa ndi lamulo kuyambira 1954. Mu 2013 panalibe chisa ngakhale chimodzi cha mbalame yolusa ya hen harrier chimene chinatulutsa ana ku England konse. RSPB ili ndi gulu lofufuza milandu yotereyi, lomwe limatchera makamera ndi kuveka mbalame timakina tosonyeza kumene zili, ndipo timakinato timangozima mwadzidzidzi pamwamba pa malo osakirawo. Bungweli silinapemphe kuti kusakaku kuletsedwe. Linapempha kuti kukhale ndi ziphaso zimene boma lingalande, ndipo Scotland inakhazikitsa lamulo lotero mu 2024. Osaka amati RSPB ikuphwanya chikalata chake, pamene mamembala ena amati ikuchita mantha. Palinso china chimene mamembala ambiri sakonda kumva: m'malo ake ena bungweli limapha nkhandwe, akhwangwala ndi agwape kuti mbalame zoikira pansi ndi mitengo yaing'ono zipulumuke. Silibisa, limafalitsa ziwerengero zake, ndipo pamenepo likuchita bwino. Pa ndale linapsa nazo mu August 2023, pamene pa tsamba lake la pa intaneti linatchula nduna yaikulu ya panthawiyo, Rishi Sunak, ndi nduna zina ziwiri kuti ndi abodza, pa nkhani yofewetsa malamulo oteteza mitsinje. Mkulu wa bungweli, Mayi Beccy Speight, anapepesa, ndipo ena anakwiya ndi kupepesako kuposa mawu oyambawo.

Panyanja zinthu zafika poipa mofulumira. Chimfine cha mbalame cha H5N1, chimene chiyambi chake chili m'makola a nkhuku ndi abakha, chinalowa m'mbalame za panyanja mu 2021 ndi 2022. Ku Bass Rock, thanthwe limene limayera mbee ndi mbalame za gannet, munaoneka mipata yakuda pamene panali zisa. Pachilumba cha Coquet, chimene RSPB imayang'anira, antchito ovala zodzitetezera thupi lonse ankatola mitembo m'matumba. Mbalame za great skua ku Scotland zinatsika ndi magawo atatu mwa anayi. Mbalame zoterezi zimaikira dzira limodzi kapena awiri pachaka, ndipo zimatenga zaka zingapo zisanayambe kuswana, choncho zimene zafa m'miyezi itatu zingatenge zaka makumi kuti zibwerere. Matendawa anapeza mbalame zitafooka kale ndi njala, chifukwa madzi akutentha ndipo tinsomba ta sandeel, chakudya cha mbalame za puffin ndi kittiwake, tachepa. RSPB inalimbana kwa zaka zoposa 20 kuti kupha tinsombati ndi sitima zikuluzikulu kuletsedwe, ndipo chiletsocho chinabwera mu 2024 m'madzi a Scotland ndi a England a ku North Sea. European Union inakasuma, popeza asodzi ambiri a tinsombati ndi a ku Denmark.

Mbalame sizidziwa malire a mayiko, ndipo bungweli linakakamizika kuzitsatira. Namzeze amene amaswana m'makola a ng'ombe ku England amathera nyengo yachisanu kumwera kwa Africa. RSPB ndi membala wa BirdLife International, mgwirizano umene ku Malawi ukuimiridwa ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi, ndipo ku Zambia ndi BirdWatch Zambia. Ntchito yake ina yopambana kwambiri inachitikira m'madzi a ku South Africa ndi Namibia. Mbalame za panyanja za albatross zinkafa pothamangira nyambo pa mbedza ndi pogundidwa ndi zingwe za maukonde. Gulu la Albatross Task Force linatumiza alangizi kukakwera sitima limodzi ndi asodzi, kuwaonetsa kumanga chingwe chokhala ndi timaliboni towala kumbuyo kwa sitima kuti mbalame ziziopa kuyandikira, kulemeretsa mbedza kuti zizimira msanga, ndi kutchera usiku. Pa sitima zokoka nsomba za hake ku South Africa, imfa za ma albatross zinatsika ndi 99 pa 100 iliyonse. Ku India bungweli linathandiza kutsimikiza kuti miimba ikutha chifukwa cha diclofenac, mankhwala amene ankabaya ng'ombe, ndipo boma linaletsa kuwagwiritsa ntchito pa ziweto mu 2006.

Si zonse zimatheka. Pachilumba cha Gough, pakati pa nyanja ya Atlantic makilomita pafupifupi 2,600 kuchokera ku Cape Town, mbewa zimene zinabwera ndi sitima za osaka nyama za m'nyanja m'zaka za m'ma 1800 zinaphunzira kudya ana a mbalame ali moyo. Mwana wa albatross ndi wamkulu kuposa mbewa kambirimbiri, koma sadziwa kudziteteza, amangokhala pachisa zikumuguguda usiku ndi usiku. Mu 2021 RSPB inatsogolera ntchito ya mapaundi mamiliyoni angapo yomwaza nyambo ya poizoni ndi ndege za helikopita pachilumba chonse. Ntchito yotere siikhala ndi theka, zikatsala mbewa ziwiri ndiye kuti zonse zagwa m'madzi. Mu December chaka chomwecho kamera inajambula mbewa yamoyo. Bungweli linalengeza lokha kuti lalephera, ndipo mbewa zachulukanso.

Mbalame imene ikusonyeza bwino kukula kwa ntchito ya lero ndi turtle dove, njiwa yaing'ono imene imaswana ku Ulaya n'kukathera nyengo yachisanu kumadzulo kwa Africa, m'mayiko ngati Senegal ndi Mali. Ku Britain, pa njiwa 100 zilizonse zimene zinalipo cha m'ma 1960, kwatsala imodzi kapena ziwiri. Kumene imaswana yasowa njere za udzu, moti m'malo moswa kawiri kapena katatu pachaka imaswa kamodzi. Panjira imakumana ndi mfuti za alenje. Palibe malo amodzi amene RSPB ingagule kuti iipulumutse. Zimene yachita ndi kuyenda famu ndi famu kum'mawa ndi kumwera kwa England, kupempha alimi kuti asiye zitsamba zaminga, akumbe tizithaphwi ndi kumwaza njere, komanso kupereka umboni umene unachititsa France, Spain ndi Portugal kuimitsa kusaka njiwayi mu 2021. M'zaka zochepa chiwerengero chake kumadzulo kwa Ulaya chinayamba kukwera, ndipo mu 2025 European Commission inavomereza kuti alenje a m'mayiko amenewo angayambirenso kuiombera, pa mlingo wochepa.